Mpira wolira wa osewera osaona: zomwe tapeza patatha materemu awiri

Kumayambiriro kwa chaka chino alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera ndi katundu amene ndinakhala ndikuwadandaulira kwa nthawi yaitali: mipira iwiri yolira, zophimba kumaso zisanu ndi zitatu ndi pampu yaing'ono, zonse zili m'chikwama chimodzi monga momwe sitolo ina ya pa intaneti imagulitsira kwa amene akufuna kuyambitsa mpira wa miyendo wa anthu osaona. Ine ndimaphunzitsa ana osaona ndi ena oona movutikira pa sukulu ina ya pulaimale yomwe ili ndi chipinda chapadera chothandizira ana oterewa, ndipo masana a Lachiwiri ndi Lachinayi ndi amene timapatula kuti tichite masewero olimbitsa thupi. Zidazi tazigwiritsa ntchito materemu awiri athunthu, pa simenti, pa dothi ndi pa kapinga, m'dzinja ndi m'nyengo yozizira, choncho ndikuona kuti tsopano ndingathe kulankhulapo mwachilungamo kwa aphunzitsi anzanga, makolo ndi aliyense amene akuganiza zolowetsa ndalama zake pa katundu wotereyu.

Ndinene msanga maganizo anga, zifukwa zibwere pambuyo. Mpira weniweniwo ndi wabwino kwambiri, ndipo pa ntchito yophunzitsa khutu kupeza kumene mpira uli, ndi kuphunzitsa mapazi kuyenda mogwirizana ndi zomwe khutu lamva, sindinagwirepo chida china chofanana nawo. Zophimba kumaso zomwe zinabwera nawo sizinandisangalatse ndipo zinatha msanga. Za pampu palibe chachikulu chonena, chifukwa wokonza njinga aliyense pamsika ali nayo yoposa imeneyi.

Kuti munthu aweruze bwino mpirawu ayenera kudziwa masewero amene unapangidwira. Mpira wa osaona umayendetsedwa ndi bungwe la IBSA, loona za masewero a anthu osaona padziko lonse, ndipo timu iliyonse imakhala ndi osewera asanu: anayi a mkati omwe ndi osaona ndipo amavala zophimba kumaso, ndi goloboyi amene amakhala woona kapena woona pang'ono. Bwalo lake ndi la mamita 40 m'litali ndi mamita 20 m'lifupi, ndipo m'mbali zake ziwiri zazitali amaimikamo matabwa ofika cha m'chiuno kuti mpira usatuluke komanso kuti wosewera adziwe pamene ali. Kuseri kwa golo la timu inayo kumaima wolondolera amene amauza osewera akutsogolo mtunda umene watsala ndi mbali imene golo lili, mphunzitsi wa timu amalankhula mpira ukakhala chapakati, ndipo goloboyi amalangiza otchinga kumbuyo. Oonerera amakhala chete mpaka chigoli chitalowa. Masewerowa analowa m'mpikisano wa Paralympics, womwe ndi wa anthu a ulumali padziko lonse, ku Athens mu 2004, ndipo dziko la Brazil linatenga mendulo ya golide kasanu motsatizana, kufikira pamene France inalanda ulemuwo ku Paris mu 2024 pogonjetsa Argentina pa mapenate. Zonsezi zaima pa chinthu chimodzi, chomwe ndi kulira kwa mpira, pakuti ukasiya kumveka osewera asanu ndi atatu amatsala m'bwalo opanda chothamangira.

Mpira wathu ndi wocheperapo kusiyana ndi umene matimu a mu ligi amasewera, koma ndi wolemera kuposa umenewo. Malamulo a IBSA amafuna kuti uzungulire masentimita 60 mpaka 62 ndi kulemera magalamu 510 mpaka 540, pamene mpira wamba wa akuluakulu sudutsa magalamu 450, ndipo wathu titauika pa sikelo unagwera m'kati mwa malirewo. Mukaupapasa ndi zala mumamva malo angapo olimba pansi pa chikopa. Mmenemo ndi momwe anasokereramo tizitsulo tophwatalala tokhala ndi tinthu tozungulira m'kati, ndipo mpira ukagubuduka tinthuto timagundana n'kutulutsa phokoso lofanana ndi la maseche a kumiyendo kwa wovina. Si belu lolendewera m'kati monga ambiri amaganizira. Kusiyanaku n'kofunika, chifukwa belu limalira mwa apo ndi apo, pamene tizitsulo tomwazikana kuzungulira mpira wonse timalira mosalekeza malinga mpirawo ukuyenda, ngakhale pang'onopang'ono. Sunjanja kwambiri; mukausiya kuchokera pachifuwa umanjanja kamodzi kapena kawiri chapansipansi n'kuyamba kugubuduka.

Tisanalandire mpirawu tinkachita zomwe aphunzitsi ambiri a ana osaona amachita: tinkatenga mpira wamba kapena wachikulunga n'kuuveka jumbo yolira, nthawi zina n'kumangiramo tizitsekerero ta mabotolo. Sindikunyoza njira imeneyi, chifukwa inatithandiza zaka zingapo ndipo ana ankasangalala nayo. Vuto lake n'lakuti kulira kwa jumbo sikunena zoona. Jumbo imalira mphepo ikaiwomba ngakhale mpira uli chiimire, imalira mosiyana ikayamba kung'ambika, ndipo pakangopita mphindi zochepa imakhala itafewa kapena itavuka. Mwana amene akuphunzira kuyerekeza mtunda ndi liwiro pogwiritsa ntchito khutu amafunika phokoso losasinthasintha, lakuti lero, mawa ndi mwezi wamawa likamveka motere ndiye kuti mpira uli pa mtunda wakutiwakuti ndipo ukubwera ndi liwiro lakutilakuti. Ichi ndicho chimene mpira wolirawu watipatsa, ndipo ndicho chifukwa chachikulu chimene ndikuuyamikirira.

Maphunziro athu timayamba ana atakhala pansi mozungulira, ine ndikuyendayenda pakati pawo kapena kumbuyo kwawo n'kumagwedeza mpira, ndipo aliyense amaloza ndi dzanja kumene phokoso likuchokera. Kumanja ndi kumanzere sikuvuta, chifukwa phokoso limafika msanga ndiponso mwamphamvu m'khutu limene lili pafupi nalo, ndipo ubongo umagwiritsa ntchito kusiyana kochepako kuti udziwe mbali. Chovuta ndi kusiyanitsa kutsogolo ndi kumbuyo, pakuti phokoso lochokera ndendende kutsogolo kapena ndendende kumbuyo limafika m'makutu onse awiri nthawi imodzi. Mankhwala ake ndi kutembenuza mutu pang'ono kuti khutu limodzi liyandikire, ndipo mwana akazolowera kutero salakwitsanso kawirikawiri. Apa kulira kwa mpirawu kumathandiza kwambiri chifukwa ndi kwakuthwa komanso kophatikiza timaphokoso tambiri, ndipo phokoso lotere khutu limalilondola mosavuta kusiyana ndi kulira kumodzi kosalala kosasinthasintha.

Tikachoka apo timayamba kugubuduzirana mpira awiriawiri, poyamba motalikirana mamita atatu, kenako asanu, kenako khumi. Wolandira amaika zidendene pafupi n'kutsegula kutsogolo kuti mapazi apange chilembo cha V, ndipo ntchito yake ndi kusuntha chammbali mpaka atalunjikana ndi njira ya mpira kuti ulowe pakati pa mapaziwo. Pali mnyamata wina wa Sitandade 5, wosaona chibadwire, amene masabata oyambirira ankangouma thupi akamva mpira ukubwera, mapewa atakwera, manja ali patsogolo, mpira n'kumudutsa pambali. Masana ena a mwezi wa Marichi ndinaugubuduza dala chakumanzere kwake. Anapendeketsa mutu, anasuntha kawiri chammbali mosakayika, ndipo mpira unakhazikika pakati pa mapazi ake, phokoso n'kuti zii. Anauponda ndi phazi lamanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ukamabwera kwa ine umalira mokulirakulira, koma ukamandilambalala umakula pang'ono kenako n'kuchepa." Palibe amene anamuphunzitsa zimenezo. Anazipeza yekha chifukwa mpira unkamuuza chinthu chomwecho tsiku lililonse.

Wogula ayenera kudziwiratu kuti mpirawu umalira pokhapokha ukugubuduka kapena kugwedezeka. Ukaima umakhala chete, ndipo ukauluka m'malere umamveka pang'ono zedi mpaka utagwa. Mphunzitsi mnzanga wina anaona ngati chimenechi ndi cholakwika cha katunduyu, n'kufunsa chifukwa chake sanaikemo kachipangizo ka batire kolira mosalekeza. Ine sindigwirizana nawo maganizo amenewo. Mpira wa m'mipikisano ndi wotere, ndipo kukhala chete kwake ndi phunziro palokha, chifukwa kumakakamiza wosewera kusunga m'mutu pamene anaumva komaliza ndi kuyerekeza pamene waima. Tili ndi kamasewero kamene ana amakakonda: ndimagubuduza mpira, tonse timadikira mpaka utaima, timawerenga mpaka 5, kenako mmodzi amayenda kukaupeza ndi phazi popanda womuthandiza. Poyamba ambiri ankaperewera ndi mita imodzi kapena iwiri, chifukwa mpira ukamatha mphamvu umalira motsika kwambiri ndipo khutu losazolowera limautaya usanaime. Tsopano okulirapo m'gululi nthawi zambiri amaupeza ulendo woyamba.

Pa nkhani ya kugwirizana kwa ziwalo, ubwino wa mpirawu uli m'kulemera kwake. Wosewera woona amakankhira mpira kutsogolo n'kuuthamangira, koma wosaona sangadalire njira imeneyo, pakuti mpira ukachoka kuphazi ndiye kuti ntchito youfunafuna yayambiranso. Iye amauyendetsa pakati pa mapazi awiri, kuugunda ndi m'kati mwa phazi lamanja kupita ku lamanzere, lamanzere kubwezera ku lamanja, mofulumira ndiponso moponda pafupipafupi, thupi likupita patsogolo. Amene anaonerapo makanema a Ricardinho kapena Jefinho, akatswiri a mpira wa osaona a ku Brazil, akudziwa liwiro limene munthu angafike nalo mwa njira imeneyi. Mpira wopepuka umathawa ukangogundidwa mopitiriza pang'ono, koma uwu umakhala pafupi, ndipo kugunda kulikonse kumatulutsa phokoso lake, moti mwana amamva kayendedwe ka mapazi ake ngati ng'oma. Ndinazindikira kuti ndikamawomba m'manja mosasintha, pang'onopang'ono poyamba kenako mofulumira, ana amagwirizanitsa mapazi ndi kuwombako, ndipo amene phazi lake lamanzere ndi laulesi amadziulula yekha chifukwa kulira kwa mpira kumatsimphina. Ngakhale nditatembenuka kuthandiza mwana wina ndimatha kudziwa ndi khutu amene wasokoneza, ndipo iye mwini amadziwanso ndisanamuuze.

Timaugwiritsanso ntchito pa zolimbitsa thupi zosathamanga. Mwana amaima ndi mwendo umodzi, phazi linalo lili pamwamba pa mpira, n'kumaugubuduza kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali osautaya. Kapena amasinthanitsa mapazi pamwamba pake modumpha pang'ono. Kapena amaukoka ndi kunsi kwa phazi n'kutembenuka nawo ndikawomba m'manja kumbuyo kwake. Munthu woona amadalira kwambiri maso kuti asadzandire, pamene wosaona amadalira m'kati mwa khutu ndi zomwe mapazi, akakolo ndi mawondo akumuuza, choncho zolimbitsa thupi zimenezi ndi maziko enieni a masewerowa. Ana angapo amene anabwera kwa ife akuyenda mokhwekhwereza mapazi ndi mowerama, chifukwa kunyumba ankawaletsa kuthamanga poopa ngozi, tsopano amanyamula mapazi ndi kuimika mutu, ndipo kusinthaku kumaoneka ngakhale akamapita kumjigo ndi ndodo zawo zoyera.

Kulemera komweko kuli ndi mbali yake yowawa, ndipo apa makolo amvetsere. Ana athu ambiri amasewera opanda nsapato. Mpira woposa theka la kilogalamu, wokhala ndi tizitsulo pansi pa chikopa, ukamenyedwa ndi nsonga ya phazi monga osewera a mpirawu amakonda kumenyera pofuna kugoletsa, umapweteka, ndipo mtsikana wina anathyoka chikhadabo m'sabata yachiwiri. Kulakwa kunali kwanga pomulola kumenya mwamphamvu alibe nsapato. Kuyambira pamenepo lamulo lathu n'lakuti wopanda nsapato amangoyendetsa mpira ndi kupatsira ndi m'kati mwa phazi, ndipo kumenya pagolo kumadikira nsapato za kaunjika zomwe makolo anasonkherana n'kutigulira mapeyala angapo obwerekana. Kwa ana a Sitandade 1 ndi 2 ndikuona kuti mpirawu ndi wolemera mopitirira, ndipo kwa iwo ndi bwino kuugwiritsa ntchito pogubuduzirana ndi manja.

Malo osewerera amasintha kwambiri kamvekedwe kake. Pa simenti ya bwalo la ntchemberembaye umalira momveka bwino kuchokera kumapeto ena kufika kumapeto enawo, ndipo umayenda mowongoka. Pa dothi louma lolimba umamvekabe bwino, ngakhale timiyala timaupatutsa ndipo mwana amayenera kusintha njira mwadzidzidzi, zomwe sizoipa kwa amene azolowera kale. Pa mchenga wofewa ndi pa kapinga wamtali ndi pamene umakhumudwitsa: umayenda mwaulesi, tizitsulo sitigwedezeka mokwanira, ndipo pa mtunda wa mamita khumi ana aang'ono amautaya. M'matope a mwezi wa Febuluwale unamatirira n'kumalira ngati uli m'thumba. Amene anaupanga sindingawaimbe mlandu pa zimenezi, chifukwa unapangidwira bwalo losalala la kapinga wochita kupanga kapena la simenti, koma sukulu imene ili ndi bwalo la mchenga lokha iyambe yapeza malo olimba isanagule.

Phokoso la pamalo nalonso limasokoneza. Chigayo cha pafupi ndi sukulu yathu chikalira, kapena ana ena akatuluka m'makalasi n'kudzaunjikana kuti aonerere, mpira umamira m'phokosolo, osati chifukwa ndi wofooka, koma chifukwa khutu losazolowera limavutika kusankha pakati pa zinthu zambiri zolira nthawi imodzi. Mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julayi imachitanso chimodzimodzi, makamaka ikamawomba kuchokera kwa womvera kupita kumene kuli mpira. Tinayesapo kusamukira m'holo, koma kumeneko phokoso limagunda makoma ndi malata n'kubwerera, moti mpira umamveka ngati uli malo awiri. Mpake kuti masewerowa kawirikawiri amachitikira pa bwalo la panja lopanda denga. Tinasankha kumayamba mochedwerapo, ana ena ataweruka, ndipo oonerera ochepa amene amatsalira tinawaphunzitsa kukhala chete mpaka chigoli chitalowa, chinthu chimene chinawavuta masiku oyamba koma tsopano amachitsatira okha n'kumakumbutsana.

Pali mbali ina ya maphunziro a khutu imene mpira sungaphunzitse, ndipo ndikuitchula kuti pasakhale woganiza kuti akagula chikwamachi ndiye kuti wamaliza. Wosewera amene akupita kukalanda mpira ayenera kufuula kuti "voy", liwu la Chisipanishi lotanthauza kuti "ndikupita", ndipo akapanda kutero woyimbira amamuimbira kuti walakwa, chifukwa liwu limenelo ndi limene limateteza mitu iwiri kuti isagundane. Ndiye kuti pa nthawi imodzi mwana akumvera mpira, "voy" wa wotchinga, mawu a mnzake wofuna kupatsiridwa, ndi malangizo a wolondolera kuseri kwa golo. Izi timaziwonjezera chimodzichimodzi: sabata ino mpira ndi mawu a wolondolera, sabata yotsatira wotchinga mmodzi woima malo amodzi akufuula, kenako wotchinga woyenda. Pa mapenate wolondolera amagogoda mtengo wa golo wa kumanja ndi wa kumanzere ndi kachitsulo, kenako n'kuitana ali pakati, ndipo ife timagogoda ndi supuni. Chimene ndingayamikire mpirawu pano n'chakuti kulira kwake sikufanana ndi mawu a munthu, choncho ngakhale anthu atatu akulankhula kumamvekabe pakokha.

Matabwa a m'mbali tilibe, ndipo m'chikwamamo munalibe chilichonse cholowa m'malo mwake. Mbali imodzi timadalira khoma la kalasi, mbali inayo timagoneka mabenchi chammbali titakutira ngodya zake ndi masaka. Khomalo latiphunzitsa kanthu: mpira ukaligunda umalira mosiyana, ndipo mwana akaliyandikira amamva mawu ake ndi mapazi ake akubwerera, n'kuima asanaligunde. Timu ya dziko la Argentina imatchedwa Los Murciélagos, kutanthauza mileme, ndipo ndikaona mwana akukhota pafupi ndi khoma osaligwira ndimamvetsa mmene dzinalo linawayenerera. Komabe mabenchi si matabwa. Ndi afupi, ndipo munthu wothamanga angapunthwe, choncho kumbali imeneyo ndimaimikako mwana wamkulu woona woti aziitana wina akayandikira.

Tsopano za zophimba kumaso. M'mipikisano wosewera aliyense wa mkati amavala chophimba chifukwa ena mwa osaona amatha kuzindikira kuwala, ndipo popanda chophimba akanakhala ndi mwayi woposa anzawo. Kwa ife n'zofunika kwambiri pakuti gulu lathu ndi losakanikirana: ena saona konse, ena amaona pang'ono, ndipo nthawi zina timaitana ana oona kuti adzasewere nawo. Zomwe zinabwera m'chikwamachi ndi za nsalu yakuda yokhala ndi siponji yopyapyala ndi lamba wotanuka wosatheka kumuchepetsa kapena kumukulitsa. Pa nkhope ya mwana zimasiya mpata m'mbali mwa mphuno, ndipo wina woona pang'ono anandiululira yekha kuti akayang'ana pansi amaona mapazi ake ndi mpira womwe. Zimatentha, siponji imamwa thukuta, ndipo titazichapa kangapo inayamba kumatuka. Pofika kumapeto kwa teremu yoyamba malamba a zinayi anali atatamuka moti zinkatsikira pakamwa mwana akadumpha. Sizitetezanso mphumi, pamene zophimba zabwino zimakhala ndi siponji yochindikala yochepetsa ululu anthu akagundana.

Tinapita kwa telala wa pamsika ndi chimodzi ngati chitsanzo, ndipo anatisokera zathu za nsalu yakuda yopindidwa katatu, zotsika bwino pamphuno, zokhala ndi siponji ya matiresi yodulidwa moyenera pamphumi ndi zingwe zomanga kumbuyo. Zikugwira ntchito kuposa zogulazo pa mtengo wochepa kwambiri, ndipo mwana aliyense ali ndi chake chosokedwa kachizindikiro ka ulusi koti azikapapasa ndi chala, zomwe n'zofunika chifukwa matenda ena a maso amapatsirana mwa kubwerekana nsalu. Ndiwonjezere kuti mwana woona pang'ono asaumirizidwe kuvala chophimba nthawi yaitali tsiku loyamba. Kuona kochepa kumene ali nako amakudalira pa chilichonse, ndipo kumulanda mwadzidzidzi kumamuchititsa mantha amene angamudanitse ndi masewerowa. Ife timayamba ndi mphindi ziwiri atakhala pansi, n'kumawonjezera iye akavomera.

Pa kulimba, mipirayi yapirira kuposa mmene ndinkaopera. Umene timaugwiritsa ntchito kwambiri pa simenti wapalika utoto ndipo ulusi wa pamsoko umodzi unayamba kutha, koma wosoka nsapato anaukonza mosamala osaboola chubu. Kulira kwake sikunasinthe. Winawo tinauiwala panja usiku wa mvula, ndipo kwa masiku angapo unkalira mosamveka bwino mpaka utauma pamthunzi. Kuyambira pamenepo malo amodzi mwa olirawo samveka ngati kale, ndipo ndikuganiza kuti mwalowa dzimbiri. Ana anazindikira kusiyanaku ine ndisanakumve, ndipo amatha kunena kuti uwu ndi mpira woyamba kapena wachiwiri ukangoyamba kugubuduka. Langizo langa ndi kuupukuta ndi nsalu yonyowa pang'ono, osauviika m'madzi, osausiya padzuwa, ndiponso osaupopa mpaka kuuma gwa, chifukwa ukalimbitsitsa umanjanja kwambiri n'kutaya ubwino wake. Singano ya pampu inapindika mwezi woyamba, koma zoterozo zimapezeka m'masitolo ogulitsa zida zamasewero m'tauni.

China chimene chinandikhumudwitsa ndi kusowa kwa malangizo. M'chikwamamo munali kapepala kamodzi ka zilembo zing'onozing'ono konena za kupopa mpira basi, popanda tsamba la zilembo za braille zomwe osaona amawerenga ndi zala, kapena la zilembo zikuluzikulu, ngakhale katunduyu ndi wa anthu osaona, ndiponso popanda chitsanzo ngakhale chimodzi cha momwe mphunzitsi wosadziwa masewerowa angayambire. Ndinalembera ogulitsawo kufunsa ngati ali ndi zophimba za msinkhu wa ana, ndipo yankho linabwera patatha masabata atatu likungondilozera zomwe tinagula kale. Zambiri zomwe ndafotokoza pano ndinazitola m'malamulo a IBSA omwe amapezeka pa intaneti, m'makanema a masewero pa YouTube, ndi m'zomwe tinaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu zokhudza kuphunzitsa mwana wosaona kuzindikira malo ndi kuyenda payekha. Mphunzitsi amene anadutsa m'maphunziro amenewo apeza kuti gawo lalikulu la ntchitoyi akulidziwa kale, ndipo chimene ankasowa ndi mpira wokha.

Mtengo ndi wokwera. Ndalama za mpira umodzi wolira mungagule nazo mipira wamba ingapo, ndipo mukawonjezera zotumizira kuchokera kunja katunduyu amalemera ndithu pathumba la sukulu ya kumudzi. Kwa ife zinapepukako chifukwa chodzera mwa wachibale wobwera pa basi. Kwa kholo la mwana mmodzi wamng'ono wongofuna choseweretsa pakhomo, wachikulunga wa m'jumbo ungakwanire pakadali pano. Kwa sukulu kapena gulu lomwe lili ndi ana asanu kapena kuposerapo ndipo likufuna kuwaphunzitsa mwadongosolo, ndikuti gulani, koma gulani mipira yokha, ndipo ndalama za zophimba ndi pampu muphatikize pa mpira wina. Iwiri ndi yochepa kwa ana khumi ndi awiri monga tili nawo ife, chifukwa luso loyendetsa mpira pakati pa mapazi limabwera ndi kubwerezabwereza, ndipo mwana wodikira pamzere nthawi ikumuthera pachabe. Komabe isachuluke pamalo amodzi, pakuti mipira itatu ikamalira moyandikana oyamba kumene amasokonezeka, choncho magulu azitalikirana.

Dziko la Morocco linamaliza pa nambala yachitatu n'kutenga mendulo pa masewerowa ku Paralympics ya ku Tokyo mu 2021, mpikisano woyamba wa dziko lonse wa amayi unachitikira ku Birmingham mu 2023, ndipo ife kuno tili ndi Taonere Banda, wothamanga woona movutikira amene anaimira Malawi ku Paralympics ya ku Rio de Janeiro mu 2016. Nkhanizi ndimawauza ana anga, makamaka atsikana atatu a m'gululi, omwe mmodzi mwa iwo, yemwe uja anathyoka chikhadabo, tsopano amayendetsa mpira kuchokera golo lina kufika lina osautaya. Iye ndi amene wakhala akundifunsa za tsiku limene tidzasewere ndi sukulu ina. Tisanafike pamenepo tikufunika matabwa enieni a m'mbali, omwe kalipentala watiwerengera kale mtengo wake, ndi mipira ina iwiri, imene ndawapempha kale alamu anga kuti adzabwere nayo pa Khirisimasi, ya mtundu womwewu, popanda zophimba.